Kudikira Yehova: Kumbani Maenje Mvula Isanagwe

*Phunziro la sabata ino*
Tiwerenge: Yesaya 40:27-31 ndi Yakobo 5:7-8

A Bishopu ndiwo andituma kuti ndikonze phunziroli. Ndi lalitali pang'ono. Ngati foni yatsala ndi moto wochepa, lisungeni mudzawerenge madzulo mutapuma. Amene muli ndi agogo kapena anansi amene maso awo savomera kuwerenga pa foni, chonde awerengereni mokweza.

Okutobala uno aliyense akudikira kanthu. Alimi maso ali kumwamba. Ena akudikira uthenga wa feteleza wa FISP, ena ndalama za chimanga chimene anagulitsa. Ana a Giredi 12 akulowa mayeso, ndipo akatha adzadikira zotsatira. Pali mlongo amene wakhala m'banja zaka zisanu ndi zitatu popanda mwana, ndipo apongozi ayamba kulankhula mokuluwika. Pali m'bale amene satifiketi yake yayamba kuda m'mphepete chifukwa cha kuiyendetsa m'maofesi. Anthu otere akabwera kudzapemphereredwa, kawirikawiri timawauza kuti, "Dikirani pa Ambuye." Amayankha Amen, koma ena akafika kunyumba mawuwo amamveka ngati tawauza kuti, "Pitani mukakhale pansi, tilibe chokuthandizani."

Ndiye sabata ino tifunse bwinobwino: kodi Baibulo likamatiuza kudikira Yehova, likufuna kuti tizichita chiyani kuyambira m'mawa mpaka madzulo?

*1. Mawuwa anauzidwa kwa yani?*

Yesaya 40:31 ambiri timaikonda. Ili pa makalendala, ili pa masitetasi a WhatsApp, ena anailemba kumbuyo kwa njinga. Koma yambani kuwerenga pa vesi 27, mumve amene akulankhulidwa. Ndi anthu amene akudandaula kuti Mulungu sakuona njira yawo ndipo mlandu wawo anauiwala. Yerusalemu anawonongedwa ndi Ababulo cha m'ma 586 Khristu asanabadwe. Kachisi anatenthedwa, anthu anatengedwa ukapolo. Babulo anadzagwa m'manja mwa Koresi mfumu ya Perisiya mu 539. Werengani nokha zakazo: pafupifupi zaka 50. Mwana amene anatengedwa ali kumsana anadzamva za kubwerera kwawo ali ndi imvi. Lonjezo la mphamvu zatsopano linaperekedwa kwa anthu otopa chotere, amene kudikira kwawo kunadutsa pa maliro ambiri.

Mawu a Chihebri amene ali pa vesi 31 ndi *qavah*. Kuchokera ku tsinde lomweli kumabwera mawu akuti *tikvah*, kutanthauza chiyembekezo. Tsono tamverani ichi: pa Yoswa 2, chingwe chofiira chija Rahabi anamangirira pa zenera lake ku Yeriko chikutchedwa ndi mawu omwewo, *tikvah*. Kwa Mhebri, chiyembekezo ndi chingwe zimatchedwa dzina limodzi.

Chingwe chimagwira ntchito chikamangidwa mbali zonse ziwiri ndi kukokedwa. Chingwe chongounjikidwa pansi sichitunga madzi pachitsime. Kudikira Yehova ndi kumangirira moyo wanu kwa Iye ndi kukhala wokokedwa, mbali ino muli inu ndi vuto lanu, mbali inayo kuli Iye ndi lonjezo lake. N'chifukwa chake kudikira kumapweteka. Mukamva kukokedwa mumtima musaganize kuti chikhulupiriro chatha. Chingwe chimene chikukokedwa ndiye kuti mbali inayo chagwira.

Onaninso zimene Rahabi anachita. Azondi aja atangochoka, iye anamangirira chingwecho nthawi yomweyo, ngakhale ankhondo a Israeli anali asanawoloke Yorodano. Ndipo anali ndi ntchito yosonkhanitsa atate ake, amayi ake ndi abale ake m'nyumba imodzi. Tsiku la chipulumutso sanalidziwe, koma ntchito ya tsiku lililonse ankaidziwa.

*2. Mlimi wa Yakobo ndi ulimi wa gamphani*

Yakobo 5:7 akamafuna kutiphunzitsa kuleza mtima, akutilozera kwa mlimi amene amadikira mvula yoyamba ndi yomaliza. Ku dziko la Israeli mvula yoyamba imagwa cha mu Okutobala ndi Novembala, yomaliza cha mu Malichi ndi Epulo. Mukuona kuti kalendala yawo ikufanana ndithu ndi yathu. Choncho vesi iyi ife a kuno sitifunika wotimasulira.

Funso ndi ili: mlimi weniweni amadikira bwanji?

Amene munaphunzira ulimi wa gamphani mukudziwa. Maenje amakumbidwa m'chilimwe, nthaka ili gwaa, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Mumatambasula chingwe chokhala ndi zizindikiro, mizere kutalikirana masentimita 90, maenje masentimita 70. Pa hekitala imodzi maenje amapitirira 15,000. Palibe amene amakumba onsewo tsiku limodzi. Mumadzuka mbandakucha dzuwa lisanakwiye, mumakumba mizere ingapo, mawa chimodzimodzi. Mumathira manyowa, mumakwirira pang'ono, mbewu mumaisunga pouma. Odutsa m'njira amatha kukusekani kuti mukulimbana ndi thanthwe. Koma usiku umene mvula yobzalira idzagwe, inu m'mawa mwake mukubzala, pamene mnzanu akuyamba kuyendayenda kufunafuna wobwereka ng'ombe ndi pulawo. Ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti kuchedwa kubzala kumadya zokolola. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pa munda pali ntchito ziwiri. Mvula ndi ya Mulungu: simungaifulumizitse, simungaigule, simungaiitane pa foni. Maenje ndi anu: Mulungu sadzatuma mngelo ndi khasu. Chisokonezo chambiri m'moyo wa Mkhristu chimabwera tikasinthanitsa ntchito ziwirizi. Timalimbana ndi kupanga mvula, maenje n'kumusiyira Mulungu.

Mneneri Yeremiya analembera kalata anthu oyamba kutengedwa ku Babulo, ili pa Yeremiya 29. Ambiri timathamangira vesi 11, koma kalatayo ikuyamba ndi malangizo a ntchito. Anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatitsa ana awo, apempherere mzinda umene akukhalamo, chifukwa ukapolowo udzatenga zaka 70. Kunena kwina, musakhale pa katundu womanga ngati anthu odikira basi. Masulani mitolo, moyo upitirire.

Ophunzira a Yesu nawonso anauzidwa kuti asachoke mu Yerusalemu mpaka alandire lonjezo la Atate. Kuchokera pa kukwera kumwamba kufika pa Pentekoste panapita masiku 10, koma iwo sanauzidwe nambalayo. Machitidwe 1 akutiuza zimene ankachita anthu pafupifupi 120 aja: ankapemphera ndi mtima umodzi, anafufuza Malemba, ndipo anakonza utsogoleri posankha Matiya kulowa m'malo mwa Yudasi. Moto unatsikira pa anthu amene anali atakonza nyumba.

Tibwere kwathu. Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi. Ambiri mwa iwo anali atadikira zaka zingapo chimalizireni koleji. Khomo litatseguka, nthawi yofunsira inali yochepa, ndipo pankafunika mapepala okwanira, kuphatikizapo kulembetsa ku Teaching Council of Zambia. Amene anali atakonzeratu analowa pamzere. Iwe mnyamata, iwe mtsikana amene ukupempherera ntchito, ndikufunse: mapepala ako ali m'malo? Phunziro lija unalephera unalembanso? Pali luso limene waphunzira chaka chino pamene ukudikira? Amayi ogulitsa nthochi pa Nyimba atiphunzitse. Sadziwa kuti basi yochokera ku Lusaka kapena ku Chipata ifika mphindi iti, koma nthochi anazisankha kale, zili m'beseni, maso ali pa msewu. Basi ikaima sathamangira kumunda kukadula mkoko.

*3. Chenjerani ndi chizimalupsa*

Tanena za ulesi. Koma pali ngozi ina, ndipo iyi ndiyo imagwetsa anthu akhama: kufulumira.

Mwezi uno kapena kumayambiriro kwa Novembala kumatha kugwa mvula ija timati chizimalupsa. Imanunkhiritsa dothi, ana amavina pabwalo, mtima umati nthawi yakwana. Wosaugwira mtima amatulutsa mbewu yonse n'kubzala. Kenaka dzuwa limabwerera masabata awiri kapena atatu, mbewu imamera n'kupserera, ina imafera pansi. Mvula yeniyeni ikamadzafika, thumba la mbewu lili pululu. Munthuyu sanali waulesi ayi. Anakumba, anathira manyowa. Chimene chinamupweteka ndi kulephera kusiyanitsa mvula yozimitsa lupsa ndi mvula yobzalira.

Mfumu Sauli anabzala pa chizimalupsa. Werengani 1 Samueli 13. Samueli anamuuza kuti adikire masiku 7 ku Giligala. Afilisti anali atasonkhana ku Mikimasi, ochuluka zedi. Anthu a Sauli anayamba kubisala m'mapanga ndi m'maenje, ena anawoloka Yorodano kuthawa. Tsiku lachisanu ndi chiwiri linafika, Samueli osaoneka. Sauli anatenga nyama n'kupereka yekha nsembe imene sinali ntchito yake. Atangomaliza, Samueli uyu watulukira.

Tisamuweruze msanga Sauli, chifukwa zifukwa zake zikufanana ndi zathu. Anati anthu akundithawa, amene ndimamudikira wachedwa, adani ayandikira. Zonsezo zinali zoona. Ndipo chimene anachita chinkaoneka chauzimu, inali nsembe kwa Yehova. Koma inali nsembe ya mantha, yoperekedwa kunja kwa lamulo, ndipo inamutayitsa ufumu. Anapirira masiku asanu ndi limodzi n'kugwa pa lomaliza. Kuthamanga sikufika.

Chizimalupsa cha masiku ano chimabwera m'njira zingapo. Nditchule zitatu zimene tikuziona pakati pathu.

Choyamba ndi kaloba. Ndalama zachedwa, fizi ikufunika, wina akuti tengani lero mudzabweze mwezi ukatha ndi chiwongoladzanja chachikulu. Mwezi umatha, mumakongola kwina kuti mubweze koyamba, mapeto ake njinga yapita, mbuzi zapita, nthawi zina ndi munda womwe. Musanapite kumeneko, khalani pansi ndi akulu a mpingo kapena gulu lanu losunga ndalama, mukambirane ndi a kusukulu. Manyazi a kupempha nthawi ndi aang'ono poyerekeza ndi goli la kaloba.

Chachiwiri ndi njira zachidule za m'banja. Abrahamu analandira lonjezo ali ndi zaka 75. Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100. Pakati pamenepo, ali ndi zaka 86, panabadwa Ismaeli mwa Hagara, chifukwa iye ndi Sara anaona kuti Mulungu akufunika kuthandizidwa. Lonjezo silinafe, Mulungu ndi wokhulupirika, koma nyumbayo inalowa mkangano umene unathera pa mayi ndi mwana kuthamangitsidwira m'chipululu. Atate amene achibale akukuuzani kuti mupeze mkazi wina kumbali chifukwa kunyumba kulibe mwana, werengani Genesis 16 ndi 21 musanayankhe. Mlongo amene zaka zikupita ndipo mwamuna wa mwini akukulonjeza kumwamba ndi pansi, kumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chachitatu ndi uneneri wogula. Pano ndilankhule mosamala, chifukwa ife timakhulupirira mphatso za Mzimu Woyera, timakhulupirira uneneri, ndipo taona Mulungu akuchiritsa. Koma Baibulo lomwelo limatilamula kuyesa mizimu. Pa Yeremiya 28 pali mneneri dzina lake Hananiya. Pamene Yeremiya ankanena za ukapolo wautali, Hananiya anaimirira m'kachisi pamaso pa ansembe ndi anthu onse n'kulengeza kuti pasanathe zaka ziwiri zonse zibwerera. Anachita ndi chizindikiro chomwe: anachotsa goli la mtengo pakhosi pa Yeremiya n'kulithyola. Tangoganizani m'mene anthu anasangalalira. Mukanakhala inu, mukanapita kwa mneneri uti, wa zaka ziwiri kapena wa zaka 70? Koma Yehova sanamutume Hananiya. Analosera mwezi wachisanu, mwezi wachisanu ndi chiwiri wa chaka chomwecho anamwalira, ndipo ukapolo unapitirira.

Lero Hananiya ali ndi foni. Amakutumizirani uthenga kuti tumizani ndalama pa nambala iyi, pasanathe masiku atatu chozizwitsa chanu chifika. Amagulitsa mafuta, madzi, mchere. Munthu amene watopa ndi kudikira ndiye msika wake. Abale anga, nthawi ya Mulungu siigulidwa pa mobile money. Simoni wamatsenga anayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama pa Machitidwe 8, ndipo Petro anamudzudzula koopsa. Kupereka ku ntchito ya Mulungu n'kwabwino, timapereka chifukwa timamukonda. Koma aliyense amene akuika mtengo ndi deti pa yankho la pemphero lanu, muthaweni, ngakhale atatchula dzina la agogo anu.

Mungazindikire bwanji chizimalupsa? Dzifunseni mafunso awa. Kodi njira iyi ikufuna kuti ndiphwanye mawu a Mulungu amene ndikuwadziwa kale? Kodi ikufuna kuti ndibise kwa mkazi wanga, mwamuna wanga kapena abusa? Kodi ikundiuza kuti ndichite lero lomwe, ndisafunse munthu? Ngati yankho ndi inde ngakhale pa limodzi, bwezerani mbewu m'thumba.

*4. Zinthu ziwiri zimene tisazitche kudikira Yehova*

Pali zolakwika ziwiri zimene zatayitsa miyoyo, ndipo a Bishopu apempha kuti zinenedwe poyera.

Kusiya mankhwala. Ngati muli pa ma ARV, pa mankhwala a shuga, a BP kapena a TB, pitirizani kumwa monga anakuuzani a chipatala, uku tikupemphera. Ngati thupi silili bwino, pitani ku kiliniki, ku Kalindawalo, ku Minga kapena ku chipatala cha Nyimba matenda asanakule. Amayi oyembekezera, sikelo musaphonye. Mfumu Hezekiya atalonjezedwa kuchira, mneneri Yesaya yemweyo analamula kuti amuike mankhwala a nkhuyu pa chotupa chake, onani 2 Mafumu 20:7. Kumwa mankhwala ndi limodzi la maenje anu. Ngati mukukhulupirira kuti mwachiritsidwa, lolani a dokotala akuyezeni, umboni wanu udzakhala wolimba.

Kukhala pamene mukumenyedwa. Davide anadikira ufumu zaka zambiri ndipo anakana kupha Sauli ngakhale anamupeza m'phanga. Koma Sauli atamuponyera mkondo, Davide anaulewa n'kuthawa usiku womwewo. Sanaime chilili kuti akudikira Yehova. Mayi kapena mwana amene akuzunzidwa kunyumba, uzani atsogoleri a amayi kapena abusa, ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit. Mungathe kupempherera kusintha kwa munthu muli pamalo otetezeka.

*5. Nanga mvula ikapanda kubwera?*

Apa ndiye pagona phunziro lathu, chifukwa ndikudziwa kuti wina akuwerenga akuti, "Zonsezo ndinachita. Maenje ndinakumba, chizimalupsa ndinachipewa, koma sindinakolole."

Tonse tikukumbukira nyengo ya 2023 mpaka 2024. Anthu anabzala pa nthawi yake, anapalira, anathira feteleza. Kenaka mvula inadula kwa masabata angapo mu Januwale ndi Febuluwale, pa nthawi imene chimanga chimafuna madzi kwambiri. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinawonongeka. Madzi anatsika ku Kariba, magetsi anayamba kuzima nthawi yaitali, zigayo zinaima. Tinasala kudya, tinapemphera usiku wonse, ndipo m'minda yambiri chimanga chinauma ndithu. Chinauma m'munda wa wopemphera ndi wa wosapemphera.

Ngati kudikira Yehova kukanakhala njira yotsimikizika yopezera chimene tikufuna, chaka chimenecho chikanatseka matchalitchi. Koma Yesaya sanalonjeze kuti odikira Yehova adzalandira zonse pa deti limene aika. Analonjeza kuti mphamvu zawo zidzabwezeretsedwa. Ndipo taonani ndondomeko yake: akuyamba ndi kuuluka ngati chiwombankhanga, kenaka kuthamanga, n'kumalizira ndi kuyenda osakomoka. Ife a Chipentekoste timakonda kuuluka. Koma masiku ambiri a Mkhristu ndi oyenda pansi: kudzuka, kuphikira ana kochepa komwe kalipo, kupita kumaganyu, kubwera ku mapemphero mtima uli wolemera. Munthu amene anadutsa 2024 osaba, osapita kwa sing'anga, osatukwana Mulungu, ameneyo analandira lonjezo la Yesaya 40:31 lonse lathunthu, ngakhale nkhokwe yake inali yopanda kanthu.

Mneneri Habakuku anayamba buku lake ndi kufunsa Mulungu kuti adzalira mpaka liti. Mulungu sanamukalipire chifukwa cha funsolo. Kudandaula pamaso pa Mulungu ndi pemphero ndithu, ndipo Masalimo ambiri ndi otero. Pa mutu 2 Habakuku akuima pa nsanja ngati mlonda kuti amve yankho. Pa mapeto a mutu 3 akuwerenga zotayika: mitengo yosabala, minda yopanda chakudya, makola opanda ziweto. Pamenepo, zinthu zisanasinthe, akusankha kukondwera mwa Mulungu wa chipulumutso chake. Chingwe chake sichinamangidwe ku nkhokwe. Chikanamangidwa kumeneko chikanaduka pamodzi ndi zokolola.

Choncho dzifunseni moona mtima: kodi ndikudikira Yehova, kapena ndikudikira chinthu, Yehova n'kungokhala wondibweretsera? Mayeso ake ndi osavuta. Chinthucho chikachedwa, kodi mapemphero amatha? Chikafika, kodi kutchalitchi mumaonekabe? Ahebri 11 akutchula anthu a chikhulupiriro amene anagonjetsa maufumu ndi kutseka pakamwa pa mikango, koma mutu womwewo ukunenanso kuti ambiri anamwalira asanalandire zimene analonjezedwa, ndipo Mulungu sachita nawo manyazi. Sindingakulonjezeni kuti mwana adzabadwa chaka chamawa kapena kuti kalata ya ntchito ifika Disembala asanathe. Ndikatero ndakhala Hananiya. Chimene ndingakuuzeni motsimikiza ndi chakuti amene wagwira mbali ina ya chingwe sagona, satopa, ndipo anapereka kale Mwana wake chifukwa cha inu. Tipitiriza kupempha mwana, ntchito, machiritso ndi mvula molimba mtima, pakuti Iye amatha. Yankho ndi nthawi yake tizisiya m'manja mwake.

Chinanso chimene chilala chinatiphunzitsa: palibe amene ayenera kudikira yekha. Mabanja ambiri anapulumuka chifukwa wina anagawana nawo kabeseni ka ufa, wina analipirira mwana wa mnzake yunifomu. Mu chipinda chapamwamba anali 120 pamodzi. Nthawi zina yankho limene mnzanu akudikira kwa Mulungu lili m'nkhokwe yanu, kapena mu nambala ya foni imene inu muli nayo. Ndipo inu amene Mulungu anakuyankhani kale, samalani pakamwa. Musamufunse mlongo wopanda mwana kuti pali tchimo lanji. Musamuuze wodwala kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Mavuto anayamba atatsegula pakamwa.

*6. Zochita sabata ino*

Tengani pepala kapena lembani mu foni. Pamwamba lembani chinthu chimodzi chimene mukudikira. Pansi pake gawani mbali ziwiri. Mbali ina lembani "Mvula", ndipo muikemo zimene Mulungu yekha angachite. Mbali inayo lembani "Maenje", muikemo zimene zili m'manja mwanu: kukayezetsa ku chipatala nonse awiri, kukonza mapepala, kupepesa munthu amene munamulakwira, kuyamba kusunga kangachepe, kumaliza kukumba munda. Za mbali yoyamba muzizipereka kwa Mulungu m'mawa uliwonse. Za mbali yachiwiri, sankhani chimodzi muchichite Loweruka lisanafike.

Patulani mphindi 15 tsiku lililonse, foni mutazimitsa, mukhale chete pamaso pa Ambuye. Ife timadziwa kufuula m'pemphero, ndipo n'zabwino, koma mlonda amene akungolankhula samva mapazi a amene akubwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lolemba ndi Lachiwiri khalani pa Salimo 27, Lachitatu ndi Lachinayi pa Salimo 130, Lachisanu ndi Loweruka pa Maliro 3:19-33.

M'magulu a m'nyumba Lachitatu, kambiranani funso ili: ndi chizimalupsa chiti chimene chikundikopa nyengo ino? Atsogoleri a magulu, zimene munthu waulula zithere pomwepo. Ndipo gulu lililonse lipeze nkhalamba kapena mayi wamasiye mmodzi amene munda wake sunakonzedwe, mupite ndi makasu mvula isanagwe.

*Tipemphere*

Atate wathu wakumwamba, Inu mwini nyengo ndi nthawi, tabwera ndi mitima yotopa. Mukudziwa chimene aliyense wowerenga uthenga uwu wakhala akudikira, ndi zaka zimene zapita. Tikhululukireni pamene tinakhala manja lende n'kumati tikudikira Inu. Tikhululukireni pamene tinathamanga ngati Sauli chifukwa cha mantha. Tipatseni mphamvu yokumba maenje athu, ndi nzeru yozindikira mvula yeniyeni. Tsekani makutu athu kwa aneneri amene simunawatume. Kumbukirani mabanja olira mwana, achinyamata ofuna ntchito, ana amene akulemba mayeso, ndi odwala amene ali m'zipatala ndi m'nyumba. Tumizani mvula yabwino pa Petauke, pa Nyimba ndi pa Zambia yense. Ndipo ngakhale itachedwa, musalole kuti chingwe chathu chiduke. Mzimu Woyera, tiyendetseni osakomoka. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Ngati phunziroli lakuthandizani, litumizeni kwa munthu mmodzi amene mukudziwa kuti watopa ndi kudikira, ndipo mukatero mumuimbire foni kapena mukamuone. Amene mukufuna pemphero kapena uphungu, onanani ndi abusa a pa nthambi yanu ikatha sevisi Lamulungu.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani sabata yonse. Shalom.